Pangano la ku Marrakech lifike kwa wa ku Theba ndi wa ku Joni

A Mkonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tikambeko za mapangano amene Malawi amalowa ndi mayiko ena pa nkhani ya anthu opita kukagwira ntchito kunja. Nkhaniyi imamveka pa wailesi masiku awiri nduna ikabwera ku msonkhano, kenako imazilala. Chikhalirecho mabasi a ku Joni akunyamukabe odzaza, ndipo nyumba zambiri za malata ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay zinamangidwa ndi ndalama yochokera kunja. Mapanganowa tiyenera kuwayeza ndi zimene wantchito mwiniwakeyo amakumana nazo.

Mapepala tili nawo ambiri. Mu 1965, pasanathe chaka chilandirire ufulu, Malawi anavomereza pangano nambala 97 la bungwe la zantchito la padziko lonse la ILO lonena za anthu osamukira kunja chifukwa cha ntchito. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lothana ndi mchitidwe wogulitsa anthu. Mu Disembala 2018 mayiko anamanga mfundo 23 ku Marrakech m'dziko la Morocco zonena za kayendedwe ka anthu kotetezeka ndi kadongosolo, ndipo ife tili m'gulu la amene anazivomereza. Mu 2020 nduna za zantchito za SADC zinavomereza ndondomeko yoti penshoni ndi chipukutamisozi zizimutsatira munthu akabwerera kwawo. Malawi anadzipereka kukhala limodzi mwa mayiko asanu oyamba kuiyesa, pamodzi ndi South Africa, Zimbabwe, Lesotho ndi Eswatini.

Chimene anthu ambiri sauzidwa n'chakuti pangano la ku Marrakech si lamulo. Palibe amene angalinyamule kupita nalo kubwalo la milandu kuti bwana wake amulipire. Limayamba kugwira ntchito pokhapokha dziko likatenga mfundo zake n'kuziika m'malamulo a kwawo, m'mgwirizano wa mayiko awiri okhudzidwawo, komanso mu ofesi yokhala ndi anthu ndi bajeti. Apa m'pamene ife tatsalira.

Taonani mfundo yachisanu ndi chimodzi, yonena za kalembedwe ka antchito. Imati wantchito apatsidwe kontirakiti yolembedwa m'chinenero chimene akumva, asalandidwe pasipoti, ndipo ndalama zolembera anthu ntchito asalipire ndi iye. Kumapeto kwa Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka kupita ku mafamu a ku Israel, patangopita masabata owerengeka nkhondo ya Israel ndi Hamas itabuka, pamene antchito ambiri a ku Thailand anali atabwerera kwawo anzawo ena ataphedwa, ena atagwidwa. Amene analemba achinyamata athuwo anali makampani omwe si aboma. Mgwirizano wa maboma awiriwa unadzasainidwa mu Epulo 2024, anthu atapita kale. Mu Meyi chaka chomwecho Amalawi 12 anabwezedwa kuno atapezeka kuti anachoka pa mafamu n'kukagwira ntchito kwina, ndipo ena mwa amene anatsala anadandaula poyera kuti malipiro anali ochepa kuposa zimene analonjezedwa. N'kosavuta kuwadzudzula anyamatawo kuti anachititsa dziko manyazi. Koma munthu amathawa pafamu ndalama ya m'manja ikasiyana ndi imene anaimva ali kumudzi, ndipo kusiyanako kumayambira pa pepala lomwe anasaina. Kontirakiti ikangotchula malipiro onse a pamwezi osatchula zodulidwa, wantchito amadzadziwa mochedwa kuti pali msonkho, lendi ya pogona, inshuwaransi ya chipatala ndi ngongole ya tikiti ya ndege. Chiphaso chake chikamangiriridwa ku ntchito ya mtundu umodzi, tsiku limene wasiya ntchitoyo wasanduka wophwanya lamulo, ngakhale wolakwa atakhala bwana.

Choncho mgwirizano uliwonse wotumiza anthu kunja uzinena zinthu m'manambala. Uzitchula malipiro asanadulidwe ndi otsala akadulidwa, maola a patsiku, ndi mtengo wa ola lowonjezera. Uzinena amene alipire tikiti yopita ndi yobwerera, kuyezetsa kuchipatala ndi chiphaso. Pakhale njira yolembedwa yosinthira bwana popanda kutaya chiphaso, yokhala ndi masiku oikika oyankhira dandaulo, komanso nambala ya foni yoyankhidwa ndi munthu womva Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Mfundo imene imaiwalika kawirikawiri ndi ya imfa ndi ngozi: ndani alipire kubweretsa thupi, chipukutamisozi ndi zingati, chiperekedwe kwa yani, m'masiku angati. Kumalo a nkhondo pawonjezeredwe za pobisalira ndi za kusamutsa anthu zinthu zikafika poipa. Dziko la Thailand linachita mgwirizano wa boma ndi boma ndi Israel yemweyo, umene unayamba kugwira ntchito mu 2012 mothandizidwa ndi bungwe loona za anthu osamukira m'mayiko ena la IOM, ndipo ndalama zimene antchito ankalipira kwa ma ejenti zinatsika kwambiri. Njira yake ilipo kale, sitikufunika kuipeka.

Za amayi athu amene anavutika ku Oman zinamveka dziko lonse. Msampha wake umatcheredwa mofanana nthawi zonse. Uthenga umabwera pa Facebook kapena WhatsApp wolonjeza ntchito ya pahotela kapena m'sitolo, nthawi zina n'kutchula Dubai. Tikiti ndi chiphaso zimabwera msanga, munthu osaona kontirakiti. Akafika amalandidwa pasipoti n'kuperekedwa kunyumba ya munthu amene analipira ejenti ndalama zambiri, ndipo mwini nyumbayo amaona kuti ndalama yake iyenera kubwerera kudzera m'thukuta la mayiyo. Kumeneko chiphaso chimamangiriridwa kwa bwana mmodzi, antchito a m'nyumba sali pansi pa lamulo lalikulu la zantchito, ndipo wothawa nkhanza amatsegulidwira mlandu wothawa pantchito. Akafuna kubwerera amauzidwa kuti ayambe wabweza ndalama za ejenti. Malawi alibe ofesi ya kazembe ku Muscat, likulu la Oman, kotero wovutikayo alibe khomo lapafupi loti agogode.

Dziko la Philippines, limene latumiza anthu kunja kwa zaka zambiri, linatseka mipata imeneyi ndi malamulo osavuta kuwamva. Lamulo lawo la 1995 limati kampani yolemba anthu ili ndi mlandu limodzi ndi bwana wa kunjayo, kotero wantchito woberedwa malipiro angasumire kampaniyo kwawo ku Manila osafunika kubwerera kumene anazunzikira. Kontirakiti imayamba yatsimikizidwa ndi ofesi yawo ya zantchito ya m'dziko lolandiralo munthu asanakwere ndege. Pa kontirakiti iliyonse pamaperekedwa madola 25 olowa m'thumba lothandizira ovutika ndi kubweza anthu kwawo. Ife tingayambe ndi zinthu zitatu zosalira ndalama zambiri. Unduna wa Zantchito uzisindikiza m'nyuzipepala ndi kulengeza pa wailesi mayina a makampani ovomerezeka miyezi itatu iliyonse. Kampani iliyonse izisungitsa chikole ku banki chokwanira kubweza anthu ake onse. Ndipo kulipiritsa munthu wofuna ntchito kukhale mlandu wokhala ndi chilango chodziwika, chifukwa ngongole ya katapila kapena munda wopinyolitsa ndiye chingwe chimene chimamugwira munthu kuti asachoke pamene akuzunzika.

Komabe unyinji wa anthu athu suli ku Israel kapena ku Oman. Uli ku South Africa, ndipo kumeneko n'kumene tilibe dongosolo logwirika la ntchito. Mmalawi amalowa popanda viza ngati mlendo wa masiku 30. Mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo chilolezo cha ntchito n'chovuta kwambiri kwa wa m'munda wa maluwa, wa m'nyumba, wa m'sitolo kapena telala. Masiku 30 akatha, malamulo a 2014 amati wopitiriza masiku osaposa 30 aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, wopitiriza kuposa apo zaka zisanu. N'chifukwa chake ambiri amangokhala osabwera ngakhale pa maliro a kholo, ena amabwerera kudzera njira zamadulira, enanso amapereka pasipoti kwa madalaivala kuti akaidinditse pachipata. Chidindo chotero chikapezeka kuti n'chabodza, mlandu umakula kuposa wongopitiriza masiku, ndipo mathero ake ndi ku Lindela, malo osungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Boma la South Africa linapereka zilolezo zapadera kwa nzika za Zimbabwe kuyambira 2009, kenako kwa a ku Lesotho. Amalawi sanakhalepo nacho chotere. Nkhaniyi ndi yovuta chifukwa ulova ndi waukulu kumeneko ndipo andale awo amaopa mavoti, koma ngati sitiiika pa tebulo nthawi iliyonse maboma awiriwa akakumana, palibe wina amene adzatiikire.

Pamene tikudikira, ofesi zathu za ku Pretoria ndi Johannesburg zili ndi ntchito yophunzitsa anthu ufulu umene ali nawo kale. Mu 2008 bwalo la milandu ya zantchito kumeneko linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo ndipo angadandaule ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, akachotsedwa mopanda chilungamo. Mu Novembala 2020 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso ayenera chipukutamisozi akavulala pantchito. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito liyenera kufika ku CCMA pasanathe masiku 30, ndipo umboni wake ndi zinthu zazing'ono: mauthenga a pafoni, malisiti a malipiro, dzina lenileni ndi adiresi ya bwana.

Tsono za ndalama zotumiza kumudzi. Mfundo ya 20 ya ku Marrakech, mogwirizana ndi zolinga za chitukuko za United Nations, imati pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama utsike kufika pansi pa 3 peresenti, ndipo pasakhale njira yopitirira 5 peresenti. Njira ya South Africa ndi Malawi kwa zaka zambiri yakhala m'gulu la zodula kwambiri padziko lonse, yopitirira 10 peresenti. Pa R1,000 ndiye kuti R100 kapena kuposa yatsala panjira, pomwe cholinga ndi R30. Makampani monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa anathandiza chifukwa salira akaunti ya ku banki, koma mtengo uli pawiri: pali ndalama yolipira imene imaoneka pa lisiti, ndi ina yobisika mu mtengo wosinthira rand kukhala kwacha. Wotumiza azifunsa funso limodzi lokha: ndikapereka R1,000, kumudzi alandira makwacha angati m'manja? Vuto lalikulu ndi la kwathu konkuno. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komabe mtengo wa ku banki ndi wa osintha ndalama a m'misewu unapitiriza kutalikirana. Tiyerekeze kuti banki ikupereka K100 pa rand imodzi pomwe wamumsewu akupereka K150. Palibe ulaliki umene ungamukope munthu wokolopa m'nyumba ya eni kuti ataye gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta lake. Adzapatsira dalaivala, kapena adzagula katundu n'kutumiza. Banja limalandira, inde, koma rand ija sifika ku banki kuti igulire dziko mafuta ndi mankhwala, ndipo dalaivala akasowa nayo palibe pokadandaula. Banki ya Reserve ikafuna ndalama za Amalawi a kunja iyambe ndi mpata umenewu, ndipo izisindikiza mwezi ndi mwezi makwacha amene kampani iliyonse ikupereka pa R1,000 kuti anthu azisankha akudziwa.

Za anamwino tingonena mwachidule. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala, ndipo Britain salola mabungwe ake kudzakopa anthu kuno. Koma namwino wofunsira yekha ntchito saletsedwa. Amapitabe, dziko limene linamuphunzitsa osapezapo kanthu. Nepal, amene ali pa mndandanda womwewo, anasaina mgwirizano wa boma ndi boma ndi Britain mu 2022. Mgwirizano wotere ungatchule chiwerengero cha opita pachaka ndi ndalama zothandizira sukulu zathu za unamwino.

Nkhani imene yatiwawa kwambiri, ndipo ili ndi tsiku lotsekera, ndi ya madoda amene anapita ku migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi opitirira 100,000 anali m'migodi ya South Africa kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA (Theba), bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, koma mochepa, mpaka mkangano wa kuyeza HIV unachititsa kuti anthu pafupifupi 13,000 abwezedwe pakati pa 1988 ndi 1992. Amene anali ndi zaka 20 mu 1973 lero wapitirira zaka 70.

Ambiri anabwera ndi fumbi m'mapapo. Mwala wa golide ukabooledwa ndi kuphulitsidwa umatulutsa fumbi losalala kwambiri lomwe limakhazikika m'mapapo n'kupanga zipsera. Nthendayi, silicosis, ikhoza kuonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposa munthu atasiya ntchito. Sichizika, ndipo imatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Pa X-ray imasokonezeka ndi TB, kotero mdala akhoza kumwa mankhwala a TB kawiri kapena katatu popanda womufunsa ngati analowapo mumgodi. Atsogoleri a SADC anasaina chikalata cha TB ya m'migodi ku Maputo mu 2012, koma funso losavutalo liyenera kufunsidwa pa chipatala chilichonse cha boma kwa bambo aliyense wachikulire wobwera ndi chifuwa ndi phuma.

Matumba a ndalama alipo atatu osiyana, ndipo kuwasokoneza n'kumene kwapatsa mpata madobadoba. Loyamba ndi la ndalama zosungidwa za antchito, monga thumba la Mines 1970 la amene anagwira ntchito pakati pa 1970 ndi 1989. Limabweza zimene zinasungidwa m'dzina la munthu, ndipo kwa wa makontirakiti afupiafupi zikhoza kukhala zochepa. Lachiwiri ndi chipukutamisozi cha boma la South Africa cha matenda a m'migodi, chodzera ku ofesi yotsimikiza matendawa ya MBOD ku Johannesburg. Lamulo lake limapatsa aliyense amene anagwirapo mumgodi ufulu woyezedwa zaka ziwiri zilizonse moyo wake wonse. Lachitatu ndi Tshiamiso Trust, lomwe linabadwa pa mlandu umene makampani asanu ndi limodzi a golide, African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anavomera kulipira ndalama zosachepera R5 biliyoni. Limakhudza amene anagwira ntchito ya pafumbi m'migodi 82 ya golide pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Wa mgodi wa malasha kapena pulatinamu sali m'menemo. Pa chiyambi mitengo ya silicosis inaikidwa pa R70,000, R150,000 ndi R250,000 malinga ndi kukula kwa nthenda, ndipo odwala kwambiri akhoza kufika pa R500,000. Madandaulo adzatsekedwa mu Disembala 2031.

Ndondomeko ya Tshiamiso imayenda chonchi. Munthu amayamba watsimikizidwa kuti anagwiradi pa mgodi woyenera, pogwiritsa ntchito nambala yake ya ku mgodi ndi mabuku a TEBA. Kenako amajambulidwa pachifuwa ndi kuuzira mpweya m'makina oyeza mphamvu ya mapapo. Zotsatira zimapita ku gulu la madokotala a thumbalo, kenako kwa otsimikiza zaka zimene anagwira, ndipo ndalama imalowa mu akaunti ya m'dzina la mwiniwake. Zonsezi n'zaulere. Aliyense wouza mdala kuti apereke ndalama ya fomu kapena ya kaundula ndi wakuba.

Pamene Amalawi amagwera m'podziwika. Kalaliki wa ku Wenela analemba dzina monga analimvera, mwina la bambo m'malo mwa la mfunda, ndi chaka chobadwa chongoyerekeza. Chitupa cha unzika cha 2017 chili ndi dzina lina ndi chaka china, ndipo kompyuta imaona anthu awiri. Makadi a ku mgodi anadyedwa ndi chiswe kapena anapsa ndi nyumba. Kwa amayi amasiye n'kovutirapo, chifukwa pamafunika chikalata cha imfa chotchula nthenda, pomwe kulembetsa imfa mokakamiza kunayamba mu 2015 ndipo ambiri anamwalirira pakhomo. Makina oyezera mapapo ndi madokotala odziwa kuwerenga X-ray ya silicosis sapezeka m'maboma ambiri, ndipo mdala wa phuma sangayende kuchoka ku Chitipa kapena Nsanje kukafika ku Lilongwe kawiri katatu.

Zonsezi n'zotheka kuzikonza ngati boma litazitenga ngati ntchito ya mgwirizano wa mayiko, osati chifundo. Unduna wa Zantchito upemphe mabuku a TEBA a Amalawi onse ndi kuwafananitsa ndi kaundula wa zitupa za unzika, pogwiritsanso ntchito zidindo za zala kumene zilipo. Ugwirizane ndi matumba atatuwa za kalata imodzi yolumbirira, yosainidwa ndi mfumu ndi DC, yotsimikiza kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Magalimoto a X-ray amene pulogalamu ya TB ili nawo apatsidwe masiku oyendera maboma kumene kunachokera anthu ambiri, monga Mzimba, Dedza, Ntcheu ndi Mangochi, ndipo masikuwo alengezedwe m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa wailesi za m'madera. Aphungu afunse nduna, boma ndi boma, kuti ndi angati alembetsa, angati ayezedwa ndi angati alandira.

Mabanja nawo asadikire. Amene ali ndi kholo la ku Theba afufuze lero khadi la ku mgodi, pasipoti yakale, buku la malipiro, kalata iliyonse yokhala ndi nambala yake, ndi mabuku onse a kuchipatala, makamaka a TB. Azijambule pafoni ndi kusunga mapepala enieniwo m'pulasitiki. Alembe kuchokera pakamwa pa mdalayo dzina la mgodi uliwonse, zaka zimene anakhalako, ntchito imene ankagwira pansi, ndi dzina lenileni limene analembetsa ku Wenela. Akamwalira, imfayo ilembetsedwe ku ofesi ya kaundula ya pa boma, ndipo apemphe dokotala kuti alembe nthenda imene yamupha m'dzina lake, chifukwa chikalata chongoti wamwalira ndi matenda sichithandiza mayi wamasiye pa thumba lililonse mwa atatuwa.

Ndife owerenga anu,
Alangizi a za ntchito ndi umoyo wa antchito,
Lilongwe